Zikomo Kawiri

Chaka chakwana chimwalirire azakhali anga a Nangozo, koma mawu amene katekisita ananena pamaliro awo akundiyabwabe m'khutu. Anaimirira, n'kukonza kolala, n'kulengeza kuti mayi agona apawa anali wofatsa, wosasunga chakukhosi. Amayi a kumsika amene ndinakhala nawo pamphasa anayang'anizana. Wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira ayi. Azakhali chakukhosi ankachisunga bwino kuposa mbewu ya chaka chamawa. Ine ndinagulitsa nawo pa benchi limodzi kuyambira pamene tinafika muno mu Tete, ndipo sindilola kuti akumbukiridwe ndi bodza.

Anali mlongo wa bambo anga, mayi wamfupi wa mawu aakulu, wobadwira kumapiri a ku Tsangano. Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Malawi, komwe tinathawira, n'kupeza kwathu kuli mabwinja okhaokha, minda anthu akuopa kuiponda. Ndiye tinatsikira kuno kumoto. Tinamanga kanyumba kadothi m'mphepete mwa chigwa cha Nhartanda, n'kuyamba kugulitsa mbatata ya kachewere pa kamsika ka m'dera lathu, bairu ya Magaia. Masiku amenewo Tete yense ankanunkha simenti ndi njerwa zowotcha kumene, aliyense akumanga kenakake. Azakhali dzuwa la kuno sanagwirizane nalo mpaka kufa. Ankalitukwana ngati mkazi mnzawo wa pamitala, uku akuwaza madzi pa masaka kuti kachewere asapse ali m'thumba. Benchi lathu analiika moyang'ana kumpoto, komwe kuli mapiri, ndipo mtsinje wa Zambezi, umene uli pakati, ankangoudumpha ndi maso.

Chinyungwe, chilankhulo cha eni dera lino, nacho ankachikana. Wogula akafunsa m'Chinyungwe, iwo ankayankha m'Chichewa cha kwathu, pang'onopang'ono, osasintha ngakhale liwu limodzi. Ankati lilime ndi mbuzi, ikaona inzake yalowa m'dimba nayo imalowa osafunsa mwini. Sankanama. Pankabwera bambo wa muofesi, thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti akufuna batata. Azakhali ankamuyankha motsitsa mawu, akutchula kachewere. Akasinthana mawu kangapo, bambo uja naye watsitsa, ndipo pochoka akuti, "Kachewere wanuyu ngwabwino, Dona." Pamenepo ankanditsina pantchafu.

"Wamva? Wabwera ndi batata, wapita ndi kachewere. Kamufunse, akuuza kuti sanasinthe kanthu."

Ine ndemwe sankandisiya. Pochoka ku Malawi tonse tinkati sukulu ndi koloko. Sipanapite nthawi ndinayamba kunena shikola ndi ora, popanda wondiphunzitsa, ndipo ndikatsutsa ankandibwerezera mawu anga mpaka anthu a mabenchi oyandikana aseke.

Khutu lawolo linkawayambanitsa ndi anthu. Mtsikana wina wogulitsa tomato anayamba kumaliza mawu ake ndi "epa, epa," mofanana ndi dalaivala wina wa chapa, timabasi tija towolotsa anthu pamlatho. Azakhali anauza mayi ake a mtsikanayo, anthu akumva, kuti ayambiretu kusoka matewera. Panabuka chipwirikiti, tomato mpaka anauluka. Mimba itaonekera, mayi aja sanatilankhulenso, ngati kuti azakhali ndiwo anaipereka.

Koma mkangano wawo waukulu unali ndi bambo anga, ndipo gwero lake linali a Lukasi.

A Lukasi anali amuna awo, mmisiri wokhoma ndowa ndi zidebe kumudzi kwathu, munthu woti pamaliro pomwe ankakuseketsa. Anali ndi kathokozedwe kawokawo. Ukawapatsa kanthu, ngakhale madzi akumwa, ankati, "Zikomo kawiri, kachitatu mukadzabweranso." Sanazimve kwa wina, anazipeka okha, ndipo aliyense wokhala nawo masiku angapo ankazitengera ngati chimfine. M'mawa wina, nthawi yokolola, anthu amfuti ochokera kutchire analowa m'mudzi. Mmodzi wa iwo anali atadzimanga nsalu kumaso, koma ankalankhula Chichewa chathu chomwe, ndipo ndiye ankaloza amuna oti asenze matumba a chimanga. Analoza a Lukasi. Azakhali anawaona komaliza akukwera chitunda, thumba lili pamutu. Kuyambira tsiku limenelo zikomo ya amuna awo ija sanaitchulenso, ndipo ife tonse tinaisiya powaopa.

Mumsasa wa othawa nkhondo tinakumana ndi mkulu wina amene anagwidwa tsiku lomwelo koma anapeza mpata wothawa. Anatiuza kuti woyang'anira osenza katundu dzina lake linali Yohane, ndipo ankakonda kukhala ndi a Lukasi chifukwa ankamumatira mapoto ndi kumuseketsa. Anayenda limodzi miyezi yambiri, kudyera mbale imodzi. A Lukasi atatupa mapazi, osathanso kuyenda, Yohane yemweyo anawatengera kuseri kwa phiri lina n'kubwerako yekha. Dzina la phirilo mkuluyo sankalidziwa, ndipo anamwalira mumsasa momwemo mtendere usanabwere.

Bambo anga ankati tingometa, maliro athe, mzimu upume. Azakhali anakana kwamtuwagalu. Ankati sangametere mphekesera. Awaonetse kaye pamene pali mafupa, akawatenge, awaike m'manda ngati munthu, ndiye lumo lidzafike pamutu pawo. Bambo akawakumbutsa kuti akuluakulu anena kuti zakale zisakumbidwe, iwo ankayankha kuti akuluakuluwo sanakwatiwe ndi a Lukasi. Anakhala choncho, osakhala mkazi wa munthu, osakhalanso wamasiye.

Munthu uja anabwera yekha, ndi mapazi ake. Sindimutchula ndi ulemu, ndipo musandikakamize. Msika wathu unali wa pansi pa mitengo, ndiye akuluakulu a bairu anaganiza zomanga shedi ya malata, ntchitoyo n'kuipereka kwa mmisiri wotchedwa Mesitiri Zhuwau. Anali wamtali, wandevu, wa malaya osita. Ankanena kuti kwawo ndi ku Changara, kumapiri sanapondeko chibadwire. Ankalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi basi. Ukamulankhula m'Chichewa ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndin'bva lini," ndiye kuti sakumva. Chilichonse akachimaliza, kaya ndi khoma kaya ndi nkhani, ankati "purontu, purontu," ndiye kuti zatha, n'kuwomba m'manja mosasa fumbi.

Tsiku lina anagula kachewere kwa ife. Azakhali anamuikira basela pamwamba monga ankachitira ndi aliyense. Iye anamwetulira.

"Ndatenda kawiri, Dona."

Ine sindinamve chachilendo. Ndinangoona chitini choyezera chagwa m'manja mwa azakhali, kachewere akugubuduka mpaka mumsewu. Sanatole. Anamuyang'ana kumsana mpaka anakakwera pa makwerero ake.

Tikuweruka, panjira yotsikira kunyumba, ndi pamene anandiuza.

"Munthu wa ku Changara n'kumathokoza kawiri? Anaziphunzira kuti? Mawu a amuna anga wawaveka Chinyungwe, koma ine ndawadziwa. Nanga Zhuwau ndi Yohane si dzina limodzi?"

Magazi anga anawira. Ndinkafuna kubwerera, ndikakuwe msika wonse umve. Anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ukakuwa iye akana. Umboni wako n'chiyani, zikomo? Mawa asamuka, mafupa a amuna anga apita nawo m'mutu mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wa alongo anga. Tseka pakamwa, ndipo bambo ako asamve, angatenge chikwanje."

Mawa lake msika unaona malodza. A Nangozo, amene sanatchulepo liwu la Chinyungwe, anaima patsinde pa makwerero n'kunena kuti, "Muli tani, Mesitiri?" Chinyungwe chawo chinali chokhota, anthu anaseka, ndipo iye anatsika kudzawakonza. Kukonza anthu ankakukonda kwambiri. Masana aliwonse azakhali ankamupititsira mbatata zophika, n'kukhala pamulu wa njerwa kumacheza naye. Mphekesera sizinachedwe. Amayi ankati mayi wakana kumeta uja wapeza womumeta. Bambo anga anabwera kumsika nkhope itagwa.

"Alongo, mukutichotsa ulemu. Maliro a amuna anu simunamalize, mukuseka ndi mmisiri pamulu wa njerwa?"

"Mumafuna ndiiwale zakale, alongo. Si ndikuiwala?"

Bambo anachoka osatsanzika, ndipo kunyumba kwathu sanapondeko kwa nthawi yaitali. Azakhali misozi inalengeza, koma sanawaitane kuti awafotokozere.

Ine anandiuza kuti munthu sungamukoke usanamutsate. Uyambe ndiwe kuyenda mayendedwe ake mpaka azolowere kuti muli limodzi, ndiye ukakhota naye amakhota. Iye akalankhula msanga, iwo msanga. Akaseka ndi mphuno, iwo ndi mphuno. Akati purontu, iwo purontu, manja n'kuwomba. Pobwerako ankapita kuseri kwa benchi, n'kuchukucha m'kamwa ndi madzi, n'kulavula. Kuonera kunkandiwawa kwambiri, moti tsiku lina ndinawapempha kuti tingothira mankhwala a makoswe m'mbatata zimene ankamupatsazo. Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Afe tsiku limodzi lokha? Ndiwe waulesi iwe."

Kenako anayamba kuponya liwu limodzi la kwathu pakati pa Chinyungwe. Lero "eetu," sabata yamawa "kachewere," kenako "ndithudi." Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale, mpanda wake ngwaufupi, munthu amadumpha osazindikira. Nthawi ina anatsala pang'ono kutulukira. Anati "ndithudi," n'kuima, n'kuwayang'ana, kenako anaseka n'kunena kuti anthu a kumapiri akumuwonongera lilime. Azakhali anaseka naye, n'kubwerera ku Chinyungwe chokhachokha mpaka mtima wake unagonanso. Shedi inatha, iye anatsegula baraka yogulitsa simenti ndi misomali pakhomo pa msika, macheza n'kupitirira. Mvula inagwa n'kutha, ina n'kubwera. Tsiku lina ndinamumva ndi makutu anga akuuza wantchito wake kuti, "Eetu, bweretsa kuno." Ndinayang'ana azakhali. Iwo anapitiriza kusankha mbatata zowola, osadzutsa mutu.

Tsiku limene anasankha linali la m'chilimwe, dzuwa lija loti mbuzi zimabisala pansi pa malole. Lole ya kachewere inali itafika kuchokera ku Tsangano, ndipo otsitsa matumba anali amuna a m'mudzi mwathu, anthu oti ndowa za m'nyumba zawo zinakhomedwa ndi a Lukasi. Azakhali anawakhazika pamthunzi wa shedi kuti apume, kenako anaitana Zhuwau kuti adzamwe madzi a mumtsuko. Dzulo lake iye anali atapatsa azakhali thabwa loikapo matumba.

Anayamba m'Chinyungwe, kudandaula za kutentha. Iye anavomereza. Anati kachewere kuno amangozunzika, ndi mbewu ya kozizira. Anavomerezanso. Chinyungwe chinayamba kuchepa m'kamwa mwawo pang'onopang'ono, ndipo ngakhale ine amene ndinkamvetsera sindingakuuzeni liwu limene chinathera.

"Kumapiri kuja mwezi wa Junyu suyerekeza kusamba m'mawa," anatero azakhali.

"Ungayerekeze? Madzi ake amachita kuluma."

"Nkhungu ikatsika, ng'ombe zako zomwe osaziona m'khola."

"Eetu. Ukaiwala bulangete panja umalipeza lanyowa ngati kwagwa mvula."

"Nanga mapichesi aja?"

"Musanene, mayi. Timachita kudyetsa nkhumba, kuchuluka kwake."

Anati "timachita." Amuna a pa lole anasiya kutafuna. Mayi wa nsomba anasiya kuingitsa ntchentche, bata n'kuyamba kuyenda benchi ndi benchi. Yekhayo amene sankamva chilichonse anali iye. Nkhope yake inali itafewa, maso ali kutali, munthu wafika kwawo. Sindinamudepo monga ndinamudera pamenepo, poona kuti nayenso amawasowa mapiri omwe aja amene anatithamangitsako.

Azakhali analandira chikho m'manja mwake.

"Thabwa lija landithandiza, Mesitiri," anatero, mawu atawakweza kumapeto monga ankachitira a Lukasi. "Zikomo kawiri..." N'kusiyira pomwepo.

"Kachitatu mukadzabweranso!" anamaliza iye, akuseka.

Anaseka yekha. Mawu amenewo mu Tete munalibe amene anawamvapo, ndipo iye anazindikira zimenezo kuseka kusanathe. Azakhali anaimirira, ulemu wonse umene ankamupatsa n'kuuvula pomwepo.

"Yohane. Iwe wa ku Changara, iwe wosamva Chichewa. Amuna anga unawasiya kuseri kwa phiri liti?"

Iye anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, kenako anathawira m'Chipwitikizi. "Nawu seyi nada," sakudziwa kanthu, anabwereza ndi kubwereza. Mmodzi wa amuna a pa lole anali atatola kale chitsulo chomasulira matayala. Azakhali, ndi kufupika kwawo konse, anaima pakati.

"Musamukhudze! Mukamupha, andiuza ndani?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti ananena. Sananene. Kulikonse kumene tinakadandaula anatiuza zomwe bambo ankanena zija, kuti za nkhondo zinatsekedwa. Bambowo atamva nkhani yonse anabwera kudzagwada pakhomo, ndipo za kumeta sanazitchulenso. Azakhali m'mawa uliwonse, asanayale katundu, ankaima pa baraka ya Yohane n'kufunsa funso lomwe lija, phiri liti. Iye ankangoyang'ana misomali yake.

Mlandu unaweruzidwa ndi msika, popanda kupangana. Anayamba ndi mayi wa nsomba zouma za chikowa. Yohane atagula, mayiyo anamuyang'ana m'maso n'kunena kuti zikomo kawiri. Mawa lake wa makala, kenako wa masau, kenako Anyungwe enieni amene a Lukasi sanawaonepo. Sankagula ngakhale mchere osathokozedwa ndi mawu a munthu amene anamupha. Katekisita uja anabwera kudzadandaula kuti tikuzunza mwana wa Mulungu. Azakhali anamufunsa ngati kuthokoza kwasanduka tchimo, n'kumulonjeza kuti tsiku limene adzamve dzina la phiri adzakhululuka atagwada, mpingo wonse ukuona. Kuyambira pamenepo katekisita akabwera kumsika ankadzera mzere wa tomato.

Yohane anapirira nyengo imodzi, kenako anasamutsira baraka yake kutsidya kwa mlatho, ku Chingodzi. Azakhali ankakwera chapa Lamulungu lililonse kukamufunsa komweko, mpaka miyendo inawakana. Ogula simenti kwa iye amati masiku ano salankhula, amangoloza ndi chala, ndipo ngakhale mkazi wake mawu ake amawamva mwa apo ndi apo. Akuopa pakamwa pake pomwe, sadziwa kuti mwabisala yaninso. Ndikamva zimenezi mtima wanga umakhala m'malo, ndipo sindipepesa.

Koma azakhali nawo sanabwereko okha kumene anapita. Purontu uja anawakakamira. Akamaliza kuyeza kachewere, "purontu, purontu," manja n'kuwomba. Akadzimva ankalavula pansi, tsinya lili pamphumi. Anayesa kudziluma lilime, anayesa kundiuza kuti ndiziwamenya pamkono akanena, koma sizinatheke.

"Ndinapita kukatenga mafupa a amuna anga," ankatero, "ndabwerako ndi mawu a wowapha."

Zimenezi zinkawapweteka kuposa matenda amene anawatenga. Masana amene anatisiya ndinali nditawamwetsa phala pang'ono. Anandiuza zonse zimene ankafuna, za benchi, za manda, ndiponso kuti wina asakhudze tsitsi lawo ndi lumo ngakhale ali mtembo. Atamaliza anapuma, n'kunena chapansipansi kuti, "Purontu, purontu." Maso awo anatseguka. Ndinawaona akuyesa kusonkhanitsa malovu kuti alavule, koma m'kamwa munali mouma. Sanalankhulenso. Mawu otsiriza a azakhali anga anali a Yohane, ndipo zimenezi sindidzamukhululukira ngakhale atatchula mapiri onse a ku Tsangano.

Tinawaika kumanda a kumtunda, pa nthaka yolimba imene inapinda makasu a adzukulu. Kudzanja lawo lamanja kuli malo amene anatilamula kuti tisiye, okwana munthu wamwamuna wamtali pang'ono. Manda akudzaza msanga mu Tete muno, ndipo adzukulu andipempha kale kuti aikepo wina. Ndinakana, n'kuzunguliza njerwa. Palibe mtanda, palibe mtumbira, dothi langokhala losalala, ndipo udzu ukamera ndimazula ndekha. Odutsa amaima n'kudabwa, ena amafunsa kuti pagona yani pamalo posakumbapo. Ndimawauza kuti sipanagone munthu, mwini wake akadali kumapiri, ndipo wofuna kudziwa kuti phiri liti awoloke mlatho akafunse wogulitsa simenti ku Chingodzi. Ndamva kuti ena amapitadi.